Manambala a pulesha ya m'diso amasiyana malinga ndi chipangizo

Wokondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene imadetsa nkhawa anthu oyezetsa maso, makamaka amene akuganiziridwa kuti ali ndi matenda a glaucoma, amene amawononga mtsempha wa diso ndipo kawirikawiri amayendera limodzi ndi kukwera kwa pulesha ya m'diso. Pulesha ya m'diso mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (mmHg ndi muyeso wa pulesha), koma diso lomwelo likhoza kuonetsa manambala osiyana malinga ndi chipangizo choyezera.

Makina opemerera mpweya m'diso ndi achangu ndipo safuna mankhwala ochititsa dzanzi, koma kawirikawiri amaonetsa nambala yokwererapo. Chipangizo cha Goldmann, chimene chimakhudza diso atadonthezamo mankhwala, ndicho madokotala amachidalira, ngakhale nachonso chimanyengedwa ndi makulidwe a kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso. Kakakhala kokhuthala nambala imakwera, kakakhala kopyapyala imatsika, ndipo kutsikaku ndi kumene ndikukuona koopsa, chifukwa wodwala amabwerera kunyumba mtima uli m'malo pamene matenda akuwononga mtsempha wa diso mwakachetechete. Kufinya zikope kapena kusunga mpweya poyezedwa nakonso kumakweza nambalayi.

Ndikupempha achipatala kuti azilemba chipangizo chimene agwiritsa ntchito ndiponso ola limene ayeza, popeza pulesha imasinthasintha tsiku likamapita.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu