Loweruka lino tikumane ku holo, nkhani ya ku Vienna

Moni nonse a kwaya, abambo, amayi ndi achinyamata.

Mwamva kale kuti amayi athu oyimbitsa aja abwerako ku Austria komwe anakaona mwana wawo, ndiye ali ku Vienna analowa mu Musikverein, nyumba yotchuka yoyimbiramo nyimbo, kukamvera orchestra, gulu lalikulu la oyimba ndi zida. Loweruka likudzali 2 koloko masana tikumane ku holo ya tchalitchi pa Kasungu boma, adzatifotokozera komanso kutionetsa mavidiyo pa laputopu.

Ine atandiuza pafoni ndinachita chidwi zedi. Holo yaikulu ya m'nyumbayo imene amaitcha Golden Hall inatsegulidwa mu 1870, mipando ndi yoposa 1,700, koma oyimba sagwiritsa maiki kapena sipika, vayolini mmodzi akamalira pang'onopang'ono wakumbuyo kwenikweni amamva bwinobwino chifukwa cha mmene nyumbayo anaimangira, yaitali ngati bokosi. Ndi momwemo momwe orchestra ya Vienna Philharmonic imayimbira pa 1 Januwale chaka chilichonse, makamaka nyimbo za banja la Strauss.

Chandikhudza kwambiri ndi ichi: asanayambe, woyimba oboe, chida chouzira ngati chitoliro, amaliza noti ya A ndipo zida zonse zimachunira pa iyeyo, anthu onse ali zii. Ndipo nyimbo ikakhala ya zigawo zingapo saomba m'manja pakati, amadikira mpaka ithe. Ma tena ndi ma besi, izi tikazimvetsetse limodzi, kumverana kumatisowa nthawi zina.

A ku Santhe ndi Mtunthama nyamukani msanga, minibasi zimachedwa. Bwerani ndi kope ndi cholembera, ana ofuna kuphunzira kiyibodi abwerenso. Amene mubwere yankhani pofika Lachinayi kuti tidziwe mipando.