Tisayeze akatswiri athu a chemistry ndi h-index yokha

A Mkonzi,

Ndikupempha malo kuti ndinenepo za mindandanda ya asayansi imene yafala masiku ano. Ukangotuluka mndandanda wa asayansi otchulidwa kwambiri padziko lonse, monga uja amakonza John Ioannidis wa ku Stanford University pogwiritsa ntchito ziwerengero za kampani ya Elsevier, umayenda m'magulu a WhatsApp muno mu Lusaka ndipo anthu amafunsa kuti akatswiri athu a chemistry ali kuti, amachita chiyani m'malabotale mwawo. Ine ndidaphunzitsa chemistry kusekondale mpaka kupuma, ndipo funsoli limandipweteka chifukwa ofunsawo ambiri sadziwa chimene manambalawo amawerenga.

Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba pepala n'kulisindikiza m'magazini a sayansi. Wina akagwiritsa ntchito zimene iye adapeza, amalitchula pepalalo m'pepala lake, ndipo kutchulidwa kumeneku n'kumene kumawerengedwa. Eugene Garfield wa ku Philadelphia adayambitsa Science Citation Index mu 1964 pofuna kuthandiza ofufuza kupeza mapepala okhudzana ndi ntchito yawo. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa physics ku University of California, San Diego, adabweretsa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 20 ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Nambalayi imangonena kuti ofufuza ena adatchula, basi. Sinena ngati adatchula povomereza kapena potsutsa. Pepala la Martin Fleischmann ndi Stanley Pons la 1989 lonena za cold fusion (zoti mphamvu ingapezeke polumikiza maatomu popanda kutentha kwakukulu) lidatchulidwa kwambiri, chikhalirecho malabotale ena adalephera kupeza zimene awiriwo adanena.

Ndikufuna kuima pa chemistry ya shuga ndi mapolima chifukwa ndi gawo limene dziko lathu likulifuna kwambiri, komanso ndi kumene sikelo imeneyi imatinyenga koposa. Polima ndi tizidutswa tofanana tolumikizana tambirimbiri, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Sitachi ya m'chimanga ndi m'chinangwa ndi glucose, mtundu wina wa shuga, wolumikizana motero. Cellulose ya m'thonje, m'mapesi ndi m'nzimbe nayonso ndi glucose yemweyo, kungoti mfundo zake zidamangidwa mosiyana pang'ono, ndipo kusiyana kwakung'onoko n'kumene kumachititsa kuti mimba yathu igaye nsima koma ilephere mapesi, pamene ng'ombe imawagaya mothandizidwa ndi tizilombo ta m'mimba mwake. Emil Fischer adalandira mphoto ya Nobel mu 1902 mwa zina chifukwa chofufuza kapangidwe ka shuga, ndipo Norman Haworth wa ku Birmingham adailandira mu 1937. Hermann Staudinger adalemba mu 1920 kuti mphira ndi zinthu zina zotere ndi maunyolo aatali a tizidutswa tolumikizana, koma akuluakulu anzake adamutsutsa kwa zaka zambiri. Nobel yake idabwera mu 1953, patapita zaka 33. Lero pulasitiki aliyense, nayiloni ndi guluu zimapangidwa ndi chidziwitso chimene iye adalimbikira.

Kutchulidwa kumadalira kuchuluka kwa anthu ofufuza nkhani yomweyo. Carolyn Bertozzi, amene adalandira Nobel mu 2022 pamodzi ndi Morten Meldal ndi Barry Sharpless, amafufuza shuga amene amakuta maselo a m'thupi la munthu. Ntchito yake ndi yapamwamba ndithu, ndipo imakhudza matenda a khansa, kumene kuli malabotale ochuluka ndi ndalama zambiri. Pepala lake likatuluka, omutchula ali kale pamzere. Tsono taganizani mnyamata kapena mtsikana wa ku University of Zambia kapena ku Copperbelt University amene akufufuza mmene sitachi ya chinangwa cha ku Luapula ingasandukire guluu wa makatoni, kapena mapepala onyamulira katundu amene amawola akatayidwa. Ofufuza nkhani imeneyo padziko lonse ndi ochepa. Atha kugwira ntchito yolondola kwambiri, omutchula n'kukhala owerengeka, ndipo ngati adasindikiza m'magazini ya muno mu Africa imene Scopus kapena Web of Science (nkhokwe zowerengera kutchulidwa kwa mapepala) saiwerenga, ngakhale owerengekawo saoneka.

Pali munthu mmodzi amene ndimafuna atsogoleri a mayunivesite athu amukumbukire. Howard Bradbury anali katswiri wa chemistry ku Australian National University ku Canberra, ndipo zaka zake zoyambirira adazithera pa ubweya wa nkhosa ndi maprotini. Atakula adatembenukira ku chinangwa. M'chinangwa chowawa muli linamarin, amene ndi glucose wolumikizana ndi kachidutswa kotulutsa poizoni wotchedwa cyanide. Agogo athu poviika chinangwa m'madzi masiku angapo ankapatsa mpata enzyme (protini yothandiza kuphwanya zinthu) ya m'chinangwa momwemo kuti idule mfundoyo, poizoni n'kuchoka. Koma nthawi ya njala kapena nkhondo anthu amafupikitsa kuviika, amadya ufa wa poizoni popanda ndiwo zamaprotini zokwanira, ndipo ana ndi amayi amadwala konzo, matenda opuwalitsa miyendo amene sachiritsika. Matendawa adapezekapo ngakhale kuno kwathu ku Western Province. Bradbury adapeza njira yosalira ndalama: kusakaniza ufa ndi madzi, kuuyala mopyapyala, n'kuusiya maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa usanaphikidwe, kuti mpweya wa cyanide utuluke. Iye ndi akatswiri a zakudya a ku Congo adaphunzitsa njirayi amayi a m'midzi ya ku Bandundu, ndipo m'midzi imeneyo konzo adasiya kugwira anthu atsopano. Adasindikiza zonsezi m'magazini a sayansi, ndipo adachita bwino kutero. Koma mayi wa kumudzi amene amanyowetsa ufa m'mawa uliwonse salemba pepala, sangamutchule, ndipo ana amene akuyenda ndi miyendo yawo chifukwa cha njirayi salowa m'chiwerengero chilichonse cha h-index.

Chimodzimodzi ndi shuga amene timagula m'magolosale. Kuyambira 1998 lamulo la dziko lino limafuna kuti shuga wapanyumba athiridwe vitamini A. Kuti vitaminiyo amamatire bwino pa timiyala ta shuga, asaonongeke ndi kutentha kwa m'misika yathu, komanso kuti paketi iliyonse ikhale ndi muyezo woyenera, pamafunika akatswiri oyeza tsiku ndi tsiku. Ntchito imeneyi imateteza maso a ana, koma nthawi zambiri imathera m'malipoti amene palibe amawawerenga ngati mapepala a sayansi.

Tinenenso za mtengo wake. Kuti utsimikize kapangidwe ka shuga kapena polima watsopano, magazini akuluakulu amafuna zotsatira za makina a NMR, ounikira mmene maatomu alumikizirana m'chinthu. Makina amphamvu a mtunduwu amafuna helium wamadzi ndi magetsi osadukaduka. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi a m'damu la Kariba, mmene tinkakhalira mumdima maola ambiri patsiku. Mankhwala a mulabotale amaitanitsidwa kunja ndi madola, ndipo amachedwa kufika. Pepala likalandiridwa, magazini ena amafuna madola zikwi zingapo kuti aliike poti aliyense awerenge mwaulere. Mnzathu wa ku Germany amene ali ndi zonsezi pansi pa denga limodzi atha kutulutsa mapepala angapo pa nthawi imene wa kuno akudikirabe botolo limodzi. Maiko a African Union adalonjezana kuika 1 peresenti ya chuma cha dziko pa kafukufuku, ndipo ife sitinafikepo.

Sindikupempha kuti akatswiri athu asamasindikize. Ayi ndithu. Kafukufuku wosasindikizidwa amafa pamodzi ndi mwini wake, ndipo wosayesedwa ndi akatswiri ena sitingamudalire. Mphunzitsi wa kuyunivesite amene watha zaka zambiri osalemba kanthu ayenera kufunsidwa. Chimene ndikuopa ndi zimene zimachitika kukwezedwa pantchito kukangodalira manambala. Anthu amagawa kafukufuku mmodzi kukhala timapepala tinayi, amadzitchula okha, amalembana maina pa mapepala amene sadagwirepo ntchito, ena amalipira magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse. Choipa koposa, wachinyamata wanzeru amaona kuti chinangwa ndi zotsalira za nzimbe sizimukweza, n'kusankha mutu umene uli m'fasho ku Ulaya.

Asayansi a kunja komweko adaliona vutoli. Mu 2012 adalemba San Francisco Declaration on Research Assessment, yodziwika kuti DORA, yopempha kuti kafukufuku aziyezedwa ndi zimene wapeza, osati kutchuka kwa magazini imene adatulukamo. Ndikupempha mayunivesite athu, National Science and Technology Council ndi Unduna wa Technology and Science kuti atenge mfundo zimenezi. Munthu akafuna kukwezedwa, abweretse mapepala ake ochepa amene akuwaona ofunika, akatswiri a gawo lake awawerenge, ndipo afotokozenso amene akugwiritsa ntchito zimene adapeza, kaya ndi fakitale, chipatala kapena alimi. Boma ligule zida zikuluzikulu n'kuziika pamalo amodzi, mwina ku NISIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale, kuti ofufuza onse azigwiritsa ntchito mosinthana. Makampani a shuga, kuyambira Nakambala ku Mazabuka, ali ndi zotsalira za nzimbe zodzaza cellulose komanso molasesi, ndipo atha kulipirira ophunzira a digiri yachiwiri kuti afufuze zina zimene zingapangidwe nazo kupatula kusonkhezera moto wa maboyila. Malamulo a 2018 adaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 30, koma ngalande za ku Kanyama zimatsekekabe mvula ikagwa, ndipo amene angatipezere chonyamulira china chotsika mtengo ndi akatswiri a mapolima omwewa.

Kwa inu a nyuzipepala, pempho langa ndi lakuti mukamalemba za wasayansi wa kuno, mutumize mtolankhani kulabotale kwake akafunse chimene adapeza, adachipeza bwanji, ndi amene chawathandiza. Nambala ya h-index muilembe ngati mukufuna, koma ibwere pambuyo pa mayankho amenewo.

Ine wowerenga wanu,

Mphunzitsi wa chemistry wopuma pantchito,
Chilenje, Lusaka