Chithunzi chija sindinachipange pa kompyuta

Tokyo, Januwale

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu chandikhaulitsa, moti zala zimachita kuuma ndikangovula magolovesi.

Uthenga wako ndinauona m'mamawa, paja kuno timatsogola ndi maola 7. Akuti chithunzi chimene ndinakutumizira chija ndi chachinyengo, phiri la Fuji silingakule choncho kuseri kwa nyumba za mu tauni, ndachita kumata pa kompyuta. Iwe amene unandiphunzitsa kugwira kamera ndi amene ukundinena zimenezi? Ndaona kuti pa WhatsApp sitimvana, bola ndikhale pansi ndikulembere.

Malo ake ndi Bunkyo Civic Center. Si malo a alendo ayi, ndi maofesi a khonsolo ya dera la Bunkyo, kumene anthu amapita kukalembetsa ana obadwa kumene ndi kukasintha adiresi. Nditatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Korakuen, pafupi ndi bwalo la Tokyo Dome, ndinangolowa, n'kukwera chikepe mpaka nsanjika ya 25, mamita pafupifupi 105 kuchokera pansi. Panalibe tikiti kapena mzere, ndipo sindinalipire ngakhale yeni imodzi. Tsiku loyamba ndinaima kaye pakhomo kudikira kuti wina andifunse chimene ndikufuna. Palibe anandiyang'ana n'komwe.

Anzanga a kusukulu onse amathamangira ku Skytree, nsanja ya mamita 634 imene anaitsegula mu 2012. Ndinapitako kamodzi, ndalama yake yoti ndikanadyera masiku awiri, ndipo zithunzi zake sindinazikonde. Ukakwera kwambiri choncho mzinda umangosanduka mphasa yotuwa, nyumba zonse zofanana ngati mabokosi a machesi, komanso Skytree yeniyeniyo simaoneka chifukwa waiponda. Kulinso malo ena aulere odziwika kwambiri, ku likulu la boma la mzinda ku Shinjuku, pa nsanjika ya 45, mamita 202. N'kwabwino ndithu, phiri la Fuji limaoneka, koma uli kumeneko uli pakati pa nyumba zitalizitali zomwezo zimene umafuna kujambula.

Apa ndiye pagona nkhani. Bunkyo ili chakum'mawa kwa Shinjuku, makilomita pafupifupi 6. Fuji ali kuseri kwa Shinjuku, chakumadzulo, makilomita pafupifupi 100. Ndiye ukaima pa zenera loyang'ana kumadzulo, zinthu zitatu zimakhala pa mzere umodzi: iwe, nyumba za Shinjuku, kenako phiri. Ndi maso, phirilo ndi kanthu kakang'ono, ukhoza kukaphimba ndi chala chachikulu. Koma ukaika lenzi yokoka zakutali, ine ndinali ndi ya 200mm, umadula zonse za pafupi n'kutsala ndi kachigawo kakang'ono kokhala ndi nyumba ndi phiri basi. Poti zonse ziwiri zili kutali ndi iwe, mtunda wa pakati pake sumaonekanso, phiri la mamita 3,776 limachita ngati latsamira madenga. Ukukumbuka tsiku lija tili m'minda ya tiyi ku Thyolo, unajambula amayi atasenza nkhuni, Mulanje akuoneka ngati awagwera pamsana? Ndi nzeru yomweyo, ndipo unandionetsa ndiwe.

Chimene sindinakuuze n'chakuti ndinapitako maulendo anayi. Woyamba unali mu Ogasiti, ndili mlendo. Kunja kunatentha kwachinyontho, mpweya uli mbuu, ngakhale Shinjuku yomwe imaoneka mwachizimezime. Ndinaganiza kuti anthu amangonama kuti phiri limaoneka. Kwathu timadziwa kuti Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimabisa Mulanje, ndipo mvula yoyamba ikagwa amatulukira ali mbee. Kuno n'zotembenuza: nyengo yotentha ndiyo ya chinyezi, pamene yozizira, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, mpweya umakhala wouma ndi woyera. Ndiye ukafuna Fuji, uvomere kuzizidwa.

Ulendo wachiwiri, kumayambiriro kwa Disembala, kumwamba konse kunali koyera kupatula kamtambo kamodzi, ndipo kanakhala pa phiripo ngati kachita kutumidwa. Wachitatu phiri linaoneka bwinobwino, ine n'kujambula mosangalala, koma nditafika kunyumba n'kutsegula pa laputopu ndinapeza mzukwa woyera pakati pa chithunzi chilichonse. Mzukwawo unali ineyo. Ndinavala jekete loyera, ndiye galasi limandibwezera. Magalasi a pamenepo anawapendeketsa dala, kumtunda kwake kunatulukira kunja, kuti magetsi a m'kati asamaoneke kwambiri, koma jekete la munthu wopusa sanaliwerengere.

Wachinayi ndi Loweruka lapitali. Usiku wake kunawomba mphepo yozizira yochokera kumpoto, ndinadziwa kuti yasesa zonse. Ndinafika 3 koloko masana, nditavala zakuda zokhazokha ngati ndikupita kumaliro, chifukwa mwezi uno dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko. Pa zenera lija panali kale madala angapo, aliyense ndi kamera yodula kuposa fizi yanga. Palibe amene amayankhula. Miyendo yoimikirapo kamera sindinatenge, malo ambiri otere salola, choncho ndinangopanikiza zigongono pa nthiti n'kugwira mpweya.

Agogo ena amene anali kumanja kwanga anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anandikodola. Anagunditsa mphira wa kutsogolo kwa lenzi yawo pagalasi, n'kutchinga m'mbali ndi chipewa chawo chakuda, n'kundilozera kuti ndichite chimodzimodzi. Chijapanizi changa n'cha moni ndi zikomo basi, koma tinamvana. Atatero anasendera pang'ono kundipatsa malo awo, omwe anali abwino kuposa anga.

Dzuwa litangolowa ndi pamene zinthu zinayamba. Ambiri amene anabwera ndi mafoni ananyamuka nthawi yomweyo, ndipo anataya zenizeni. Patapita mphindi 15 kapena 20, kumwamba kunafiira ngati makala, phiri linada bii, chipale cha pamwamba pake sichimaonekanso, kungotsala mzere wake wosalala uja. Kenako mazenera a maofesi anayamba kuyaka, limodzilimodzi, ndi timagetsi tofiira ta pamadenga tochenjeza ndege. Pali kanthawi kochepa kwambiri pamene kuwala kwa kumwamba ndi kwa nyumba kumalingana. Ndinakweza ISO, muyeso wa mmene kamera imakokera kuwala, kufika 1600, n'kujambula zithunzi zoposa 60. Zosagwedera zinatuluka zitatu. Chimene uli nachocho ndi chimodzi mwa izo, ndipo chimene ndinachita pa kompyuta ndi kuchiwongola kokha, chifukwa chinapendekera kumanzere.

Ndisaname, pamene ndinkatsika chikepe ndinakumbuka momwe tinkakwezera makosi kuyang'ana Delamere House titangofika kumene mu Blantyre, ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi wina anandisuzumira. Nditatembenukira mbali ya kum'mawa ndisanatsike ndinajambulanso Skytree itayaka magetsi, koma imeneyo ndi yosavuta, aliyense akhoza.

Fayilo yake yosakhudzidwa ndikutumizira pa imelo, uione wekha manambala ake, kenako undipepese. Ndipo mvula ikadula tsiku lina mwezi uno, kwera pa Soche kapena pa Ndirande ndi lenzi yako yakale ija, uone ngati tauni ndi phiri lina zingakhale pa mzere umodzi. Ine ndikuganiza kuti kuchokera pa Soche zikhoza kutheka, koma sindinayesepo.

Upereke moni kwa amayi. Uwauze kuti ufa umene anandipatsira unatha mu Novembala.

Ndine mnzako,
wa ku Tokyo wozizidwa uja