Makompyuta a m'zipatala za m'Chigwa cha Shire akufa ndi kutentha

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi amene amagula ndi kuika makina m'zipatala za ku Chikwawa ndi Nsanje. Ife ntchito yathu ndi yokonza makinawa. Kompyuta yomwe imagwira bwino ntchito ku Dedza kapena ku Mzuzu ikatsetsereka phiri n'kufika pa Thabwa imakumana ndi mavuto ena, ndipo oitanitsa katundu saganizirako zimenezi.

Phindu lake sitikulikana. Makompyuta ogwira ndi chala, omwe bungwe la Baobab Health linayamba kuyika pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, anafupikitsa mzere ku kiliniki ya ma ARV. Malipoti a mwezi amapita ku unduna kudzera pa DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo, ndipo mayi woyembekezera atha kuimba 54747 ku Chipatala Cha Pa Foni n'kulankhula ndi wazaumoyo ali pakhomo pake. Koma zonsezi zimadalira magetsi, ndipo magetsi a kuchipatala cha kumudzi amatsamira pa batire.

Batire la asidi, ngakhale lija lomata losathira madzi, zaka zake anaziwerengera pa madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umadulidwa pakati. Kuno mu Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, ndiye ganizirani kachipinda ka malata kopanda siling'i, kotseka mazenera poopa akuba. Batire lolembedwa zaka 5 silifika zaka 3. Likayamba kufufuma m'mbali kapena kutentha pogwira, latha, musalimbane nalo. Mabatire ayikidwe kuchipinda chomwe dzuwa la madzulo silimenya khoma lake, chokhala ndi zibowo za mpweya pansi ndi pamwamba, ndipo asagundane. Ndalama zikalola, a lithium amapirira bwinoko.

Masamu ake ndi osavuta. Seva yaing'ono (kompyuta yosunga mbiri za odwala), masikirini atatu, rauta (kachipangizo kolumikiza makompyutawo) ndi makina osindikiza timapepala ta nambala zimadya pafupifupi mawati 120. Kwa maola 10 ndiye ma watt-hour 1,200 (mawati kuchulukitsa ndi maola). Batire la mavoti 12 la 200Ah limasunga ma watt-hour 2,400, koma la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, choncho limodzi ndi la tsiku limodzi basi. Pafunika awiri chifukwa cha masiku a mitambo, ndi mapanelo a sola awiri a mawati 300. Tsono wina akalumikizapo ketulo ya mawati 2,000 kwa mphindi 10, wadya kupitirira kotala ya mphamvu ya tsiku lonse. Kukalipira anamwino sikuthandiza, naonso amafuna tiyi pa ntchito ya usiku. Chofunika ndi kupatula waya wa makompyuta, masoketi ake akhale osiyana ndi ena onse. Mapanelo azipukutidwa ndi nsalu yonyowa m'mamawa sabata iliyonse, chifukwa fumbi la chilimwe limadula mphamvu mwakachetechete.

Wina anganene kuti zipatala zambiri zili ndi magetsi a ESCOM. Kumbukirani Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma la Chikwawa momwemuno, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Makina a GeneXpert oyezera makhololo a chifuwa chachikulu ndiwo osachedwa kudwala. Amafuna chipinda chosapitirira madigiri 30, ndipo timakatiriji take, timabokosi tothiramo makhololo oyezedwa, tisungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 28. Kukatentha amakana kuyamba kapena amaima pakati. Magetsi akathima kuyeza kusanathe, katiriji yatayika, makhololo atayika, ndipo wodwala yemwe wachokera ku East Bank ayenera kuitanidwanso. Kugula makinawa popanda choziziritsa chipinda ndi UPS (chipangizo cha batire cholowa m'malo magetsi akathima) yosunga moto maola awiri n'kutaya ndalama. Sefa ya fumbi ya kumbuyo kwake izitsukidwa mwezi uliwonse, nthawi ya mphepo kawirikawiri kuposa apo. Firiji ya katemera nayo ikhale pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kachipangizo koyezera kaziwerengedwa m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe.

Nkhani ya madzi osefukira ndiye imatiwawa kwambiri. Tinaona mu 2015, mu 2019 ndi Idai, mu 2022 ndi Ana, kenaka Freddy mu Marichi 2023. Komabe mupeza seva ili pansi pa tebulo, mabatire ali pa simenti. Zonsezi zikwezedwe pa shelefu yomangidwa kukhoma, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Kope la zonse zomwe zili mu seva lizitengedwa tsiku lililonse pomaliza ntchito, ndipo kamodzi pa sabata lina lizipita ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Kope losungidwa m'kabati ya chipinda chomwecho limamira limodzi ndi seva. Liziyesedwanso ngati likutseguka, poti ambiri amadziwa kuti linali lopanda kanthu tsiku lomwe alifuna.

Anthu akathawira kumisasa ngati ku Bangula, mbiri yawo imatsala mu seva ya kwawo. Kapepala ka nambala komata pa buku la kuchipatala kamafufutika ndi dzuwa, kakanyowa makina sakawerenga. Kalaliki akalephera kumupeza munthu amamulemba ngati watsopano, ndiye munthu mmodzi amakhala ndi manambala awiri, kwawo n'kuoneka ngati anasiya mankhwala pomwe akumwa. Zimachitikanso kwa abale athu ochokera ku Mozambique omwe dzina limalembedwa mosiyana ulendo uliwonse. Nambala izilembedwanso ndi bolopeni mkati mwa chikuto, pamodzi ndi dzina la mankhwala ndi tsiku lobwerera. Makina akathima, lembani m'kaundula wa pepala, ndipo zilowetsedwe mu kompyuta pasanathe masiku awiri ndi munthu yemwe wapatsidwa ntchitoyo mwachindunji.

Pempho lathu ku unduna wa zaumoyo, makhonsolo awiriwa ndi mabungwe othandiza ndi lakuti pa mgwirizano uliwonse wogula makina a kuno pazilembedwa ndalama zosinthira mabatire pa chaka chachitatu, zida zosinthira zosungidwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi mafuta a njinga yamoto ya katswiri woyendera zipatala miyezi itatu iliyonse, ulendo umodzi ugwe mu Seputembala kutentha kusanafike pachimake.

Amisiri a makina a m'zipatala,
Nchalo, Chikwawa