Kodi ana anzeru onse anabadwa chaka chimodzi?

Mnzanga Yohane,

Kalata yako yafika, pamodzi ndi chithunzi cha mwana wako atavala gauni. Distinction! Umuuze kuti amalume ake a ku Chipata akondwera. Koma usakwiye, kuno chithunzi chotere chili pakhoma la nyumba iliyonse. Mwana wa a Phiri a ku Kapata, uja ankathawa sukulu kukagenda mango, nayenso Distinction.

Ife ku University of Zambia (UNZA), Credit inkabwera ndi thukuta, Merit tinkangoimva mbiri. Nthawi ija mayunivesite a boma anali awiri okha, UNZA ya 1966 ndi Copperbelt University ya 1987. Lero apulaiveti ali mbwee, ndipo wophunzira wasanduka kasitomala. Ukamulepheretsa, amanyamula fizi yake n'kupita kwina. Nanga mphunzitsi amene malipiro ake akuchokera m'fizi yomweyo, cholembera chofiira achigwira bwanji? Higher Education Authority, yoyang'anira mayunivesite, ilipo, inabwera ndi lamulo la 2013, koma singakhale pathebulo lililonse pochonga mayeso.

Ukukumbukira kwacha isanadulidwe maziro atatu mu 2013? Tonse tinali mamiliyoneya, koma thumba la unga osalikwanitsa. Magiredi afika pamenepo.

Amene ndikumumvera chisoni ndi mwana wakoyo. Ndikudziwa kuti anawerengadi, anatengera amayi ake, osati iwe. Koma pepala lake likufanana ndi la mlesi. Olemba ntchito akaona kuti onse ndi a Distinction amasiya kuwerenga mapepala, amayamba kufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Apa mwana wa mlimi wa ku Chadiza watheratu. Mu 2022 boma litalemba aphunzitsi oposa 30,000, ambirimbiri anatsalabe, masatifiketi ali m'manja.

Nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Mwana wanga Tiza alemba Grade 12 chaka chino. Ndigulitse ng'ombe kuti akatenge pepala limene aliyense ali nalo? Usiku wina ndinawauza amayi ake kuti bola tingolembetsa ng'ombeyo, nayonso ibwera ndi Merit. Sanaseke.

Magetsi akuthimathimabe, bondo lija likuwawa kukazizira, ndipo Mabvuto sanabweze njinga yanga mpaka lero. Ukamuimbira umukumbutse. A Zulu tinawaika mwezi watha ku Katete, ndikhulupirira unamva.

Za mwambo wa Nc'wala undiuze msanga ngati ubwera, chifukwa chipinda chija muli chimanga, ndiye kuti ndichichotse pafunika… pepala latha.

Ndine,
Lameki