Inu a shopu ya mipando, bwerani mudzaone mashelefu anu ali pansi

Bwana, poti foni simukuyankha ndipo ma message a pa WhatsApp mukungowerenga n'kusiya, ndati ndilembe pompano pa page yanu pomwe ndinaona zithunzi zokongola zija mpaka kukopeka. Ndine mayi uja wa ku Area 25 amene anyamata anu anadzandiikira mashelefu a zovala kuchipinda, aja okhala ndi chitsulo chopachikapo mahang'ala pakati. Mukundidziwa bwino, paja tsiku lolandira ndalama munayankha foni isanalire ndi kawiri komwe.

Mashelefu anu anagwa Lachitatu usiku, patangotha masabata atatu chiwaikireni. Tinali pa balaza tikudya, tinangomva chiphokoso ngati galimoto yawomba nyumba, kuthamangira kuchipinda kupeza chinthu chonse chazuka kukhoma chagona chafufumimba pa bedi, zovala mbwee, pulasitala ali pansi ngati ufa. Mwana wanga wazaka zitatu amagona pa bedi lomwelo ndipo tsiku limenelo anangochedwa kugona chifukwa amalimbana ndi nsima. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo m'mimba mumatentha, mwina inu mulibe ana koma ine ndili naye mmodzi yekhayo.

Tsiku loika lija ine ndinalipo, musaganize kuti sindinaone. Anyamata anu awiri anafika masana magetsi atathima, makina oboolera amene anabweretsa ndi a chingwe, a batire analibe. Ndinawauza kuti achimwene, palibe chothamangira, bwerani mawa magetsi akayaka. Wamtali uja anaseka, amvekere mayi musadandaule ntchito iyi timaigwira daily. Anatenga msomali wa konkire ndi hamala n'kuyamba kugogoda khoma, bowo likapezeka amazula msomali uja n'kulowetsamo screw. Ine poti si kalipentala ndinangoti mwina ndi mmene zimakhalira, ndinawaphikira tiyi, ndinawapatsanso ya transport pamwamba pa ndalama yomwe ndinakulipirani inu.

Zitagwa ndi pamene ndinaona zomwe zinali m'mabowomo. Timitengo ta machesi, bwana. Machesi! Bowo lina anatsekeramo kapepala kopindapinda ka paketi ya sopo. Ma wall plug a pulasitiki aja olowetsa m'bowo kuti screw igwire anaika awiri okha pa mabowo sikisi, ndipo awiriwo anatuluka ali oyera bwinobwino, kusonyeza kuti sanagwire kalikonse. Ma screw ake ndinawayeza ndi rula ya mwana wa mchemwali wanga, 30mm. Thabwa lakumbuyo lokha ndi 16mm, ndiye munthu wamba ngati ine ndikachotsera ndikupeza kuti chomwe chinalowa kukhoma ndi 14mm, kutanthauza kuti zovala zanga zonse, masuti a bambo a kunyumba ndi mabulangete awiri pamwamba zimalendewera pa pulasitala yekha, njerwa sanaikhudze n'komwe. Zithunzi ndili nazo, machesi aja ndawasunga mu jumbo.

Nditakupezani pa nambala ya mnzanga (poti yanga munaidziwa) munandiyankha kuti vuto ndi khoma langa, akuti nyumba zathu za kuno njerwa zake n'zofewa ndiye palibe chomwe mungachite, komanso ndinachulutsa katundu. Apa ndiye mwandipsetsa mtima kwambiri. Zoona nyumbayi ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, pulasitala wa simenti pamwamba, ngati nyumba zambirimbiri za lendi mu Lilongwe muno. Nanga anyamata anu sanaone? Fumbi lomwe limatuluka pogogoda paja linali la dothi, ine ndinasesa ndekha. Munthu wodziwa ntchito akanaima pomwepo n'kundiuza kuti mayi khoma ili likufunika zomangira zina, onjezerani ndalama pang'ono, ndipo ine ndikanaonjezera. Za katundu musanene n'komwe, pa chithunzi chanu chomwe mashelefuwo ndi odzaza mpaka pamwamba ndi masutikesi. Mumafuna ndiziikamo chani, mpweya?

Alandilodi atamva anabwera ndi mmisiri wawo, bambo wachikulire ndithu, ndipo iyeyo ndi amene ananditsegula maso. Anagogoda khoma ndi chala n'kundionetsa kuti mabowo anayi mwa sikisi aja anagwera pamzere wa dothi pakati pa njerwa, malo oti ngakhale screw itatalika bwanji singagwire. Bowo limayenera kulowa mu njerwa yeniyeniyo osati pamzere wa dothi, loboola ndi makina ndi kachitsulo koboolera khoma kofanana saizi ndi plug, plug ya 8mm bowonso 8mm, osati kukumba ndi msomali bowo n'kukula ngati la mbewa. Ukaboola umachotsa fumbi lonse, plug ilowe mothina mpaka kumenya pang'ono ndi hamala, kenako screw yaitali yoti idutse thabwa, idutse pulasitala, ikalowe mu njerwa masentimita asanu kapena kuposa. Akuti zomangira za pamwamba ndi zomwe zimavutika kwambiri chifukwa kulemera kumakokera chinthucho kutsogolo, ndiye pamwamba ndi posachitira masewera. Ndipo khoma likakhala lokayikitsa ngati langali, amayamba wamanga thabwa lolimba chopingasa kukhoma ndi zomangira zambiri, mashelefu n'kugwira pa thabwalo, komanso amaika miyendo kuti kulemera kuzitsikira pansi, khoma lizingothandiza kuti chisapendekeke. Anandiuzanso kuti makoma a mabuloko a simenti aja okhala ndi mphako mkati amafunanso zomangira zawozawo. Zonsezi bambo aja anafotokoza mu 10 minutes ataima pakhomo, osalipiritsa, pamene inu muli ndi shopu ndi chikwangwani chachikulu.

China chomwe chinandiopsa, bowo limodzi anyamata anu anakhoma molunjika pamwamba pa soketi, mmene mumadutsa paipi ya mawaya a magetsi. Mmisiri uja anangogwira mutu. Mwina tingoti mwayi kuti tsiku lija magetsi kunalibe.

Ndipo musaone ngati ndikukokomeza nkhani ya mwanayi. Mu 2016 kampani ya mipando ya IKEA inalengeza kuti anthu abweze makabati a zovala okwana 29 miliyoni ku America chifukwa amagwera ana akakhala kuti sanamangiriridwe kukhoma, ana ena anamwalira. Awo ndi makabati oima pansi ndi miyendo yawo, nanji anu olendewera pa machesi.

Panopa alandilodi akufuna ndikonzetse pulasitala ndi kupentanso khoma lonse ndi ndalama zanga, thabwa limodzi linathyoka pakona pomwe panali screw ndipo poti ndi chipboard silingalumikizike, langofumbutuka ngati chigumu. Galasi la pa dressing table linasweka. Zovala zili m'masaka ndi m'mabeseni pabalaza ngati tikusamuka, alendo akabwera manyazi ake. Ife tikugona pa matilesi pansi chifukwa mwana akukana kulowa kuchipinda kuja.

Ndiye bwana, sindikufuna mikangano, ndikufuna zinthu zitatu basi ndipo si zovuta. Mubwere nokha mudzaone, osatumanso anyamata omwe aja. Musinthe thabwa lothyokalo n'kumanga mashelefuwa mmene zimayenera kukhalira, ndi makina a batire ngati magetsi kulibe, ine ndili pomwepo ndikuona screw iliyonse isanalowe. Ndipo za pulasitala ndi penti mukambirane ndi alandilodi, chifukwa amene anaononga khoma si ine. Za galasi ndakukhululukirani, linali lakale kale.

Ngati zimenezi zakukanikani ndibwezereni ndalama zanga mudzatenge matabwa anu, ali pakhonde ndawafunditsa pepala la pulasitiki kuopa mvula. Lisiti ndili nalo, message ya Airtel Money yosonyeza tsiku ndi ndalama ndili nayo. Ndikudikirani mpaka Lachisanu, likadutsa ndikukasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo jumbo ya machesi ija ndinyamula. Comment iyi mukaifufuta ngati mmene munachitira ndi ya dzana ija ndiilembanso, screenshot ndatenga kale.