Ngongole ya m'banja isamabisidwe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya ndalama m'mabanja, chifukwa cha zimene ndinaona mwezi wathawu kwathu kuno ku Matero, mumzinda wa Lusaka. Tsiku lina m'mawa kunabwera anyamata atatu ndi kagalimoto, nayamba kutulutsa filiji, wayilesi yakanema ndi mipando m'nyumba ya anansi athu, mayi a m'nyumbamo ali kakasi pakhomo osadziwa chimene chachitika. Pambuyo pake zinamveka kuti bambo anatenga kaloba (ngongole ya chiwongoladzanja chokwera) ya K4,000 n'kupereka katunduyo ngati chikole, ndipo miyezi ikupita chiwongoladzanja chinakula mpaka kuposa ndalama imene anakongola. Chondiwawa kwambiri n'chakuti filijiyo anagula ndi mayiwo, ndi ndalama ya chilimba imene anasonkha kwa chaka chathunthu akugulitsa tomato ndi kabichi ku msika wa Soweto.

Paukwati timamva kawirikawiri kuti mwamuna ndi mkazi ayenera kuika ndalama zonse m'thumba limodzi, popeza tsopano ndi thupi limodzi. Ine mfundo imeneyi sindiivomereza yonse. Mayi amene amasunga kangachepe kake mu Airtel Money kapena MTN MoMo osauza amuna ake sindimuona ngati wolakwa, pakuti tonse taona zimene zimagwera akazi amasiye maliro akangotha. N'zoona kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 1989 limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100 alionse, mkazi kapena mwamuna wotsalayo 20, makolo 20 ndipo ena amene malemuyo ankawasamalira 10. Limanenanso kuti wotsalayo akhale m'nyumba pamodzi ndi ana mpaka atamwalira kapena kulowanso m'banja lina. Komabe lamulo lili papepala, pamene alamu amafika ndi lole mwambo wa maliro usanathe n'komwe, ndipo si wamasiye aliyense amene ali ndi mphamvu zolimbana ndi apongozi ake kukhoti. Tsono amene wasunga kena kake pambali wangoona patali.

Ngongole ndiye ndi nkhani ina. Ndalama yosungidwa mwachinsinsi siichotsa nsima pakamwa pa mwana, koma ngongole yobisika imadya lendi, imadya thumba la ufa, makala ndi mayuniti a magetsi, ndipo tsiku lobweza likafika amene amavutika ndi onse a m'nyumbamo, kuphatikizapo uja sanafunsidwe. Masiku ano kukongola kwaphweka moopsa. Munthu amatenga ngongole pafoni ali chigonere, mnzake ali mtulo pambali pake. Ogwira ntchito m'boma ena amalandira malipiro atadulidwa kale ndi mabungwe awiri kapena atatu obwereketsa ndalama, koma kunyumba amangoti zinthu zavuta mwezi uno, pepala la malipiro n'kulisiya mu ofesi. Ena khadi lawo la kubanki lili m'manja mwa a kaloba, amene amayamba kutapa okha ndalama ikangolowa.

Ndisanamizire abambo okha. Alipo amayi amene ali m'magulu a village banking awiri kapena atatu, ndipo amakongola ku gulu ili kuti akabweze ku gulu linalo, mpaka tsiku logawana amabwerako chimanjamanja, bambo akuyembekeza ndalama ya simenti. Zina mwa ndalamazo zimathera ku zitenje zofanana ndi mphatso za kitchen party, zimene ndikuona kuti zasanduka mpikisano.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ngongole zambiri zotere sizichokera ku mowa kapena kubetcha pa mpira ayi. Mvula ikayandikira foni imalira kuchokera ku Katete kapena ku Petauke: kukufunika feteleza, denga ladontha, amalume agonekedwa m'chipatala. Wokhala ku Lusaka amaoneka ngati wolemera kumudzi, choncho amachita manyazi kunena kuti alibe, komanso amaopa kuti akauza mkazi wake adzamva kuti bwanji kwawo kwa mkaziko sikutumizidwa kanthu. Kuthandiza makolo ndi udindo wathu ndithu, koma thandizo limene munthu akuopa kulitchula m'nyumba mwake lili ndi kena kamene sikali bwino. Pamene bungwe la penshoni la NAPSA linalola anthu mu 2023 kutapa magawo 20 pa 100 a ndalama zawo za penshoni, ndinaona mabanja ena akukangana chifukwa ndalamayo inalowa n'kupita yonse kukatseka ngongole zimene winayo sankazidziwa.

Pempho langa likupita kwa alangizi, ankhoswe ndi abusa. Achinyamata mumawaphunzitsa za kulemekeza apongozi, za kuphika ndi za kuchipinda kwa masabata angapo, koma kaya ndi angati a inu amene mumawakhazika pansi awiriwo n'kufunsa aliyense kuti ali ndi ngongole kuti, ya ndalama zingati, ndipo idzatha liti. Funso limeneli lizifunsidwa ukwati usanamangidwe, ndipo awiriwo alonjezane pamaso pa ankhoswe kuti palibe adzapereke katundu wa m'nyumba ngati chikole mnzake asakudziwa. Anansi athu aja ankhoswe awo akumana kawiri tsopano, ndipo pa ulendo wachiwiriwu bambo anaulula kuti palinso ngongole ina ya kuntchito imene idzatha chaka chamawa.

Wowerenga wanu,
Matero, Lusaka